Za Mahelikopita ndi Anthu Olemba Kaundula Wao

Mwa zouluka zonse zimene anthu anapanga ndi manja ao, palibe china chodziwika ndi kulira kwake monga helikopita. Ndege zina zipita kutali m'mitambo, ndipo wolima m'munda sacheuka konse. Koma helikopita ikadzera pamwamba pa Kawale kapena pa Biwi, malata anjenjemera, nkhuku zibalalika, ndipo ana atuluka m'nyumba nayamba kuloza kumwamba. Anyamata a ku Chinsapo ndi ku Area 23 adziwa bwino maonekedwe ake, pakuti ena aumba chifanizo chake ndi dongo, ena achipinda ndi mawaya nachiyendetsa m'misewu. Koma munthu akafunsa kuti, Kodi helikopita yapitayi inapangidwa kuti? Inadza liti m'dziko muno? Nanga zinzake zimene tinkaziona zaka zija zinatha bwanji? pamenepo akulu ndi ana omwe angoti duu.

Mwezi uno tifuna kufotokozera owerenga athu mbiri ya makina amenewa, ndiponso mbiri ya anthu ena a m'maiko ambiri amene anadzipereka, popanda wowalemba ntchito kapena wowalipira, kulemba kaundula wa mahelikopita a pa dziko lonse lapansi, imodzi imodzi, kuyambira tsiku lake lotuluka m'nyumba yopangira kufikira tsiku lake lotha. Wina adzati ntchito yotere ndi ya anthu osowa chochita. Koma tiyeni tiyambe taimva nkhani yonse, ndipo pomaliza pake yense aweruze yekha.

CHIYAMBI CHA HELIKOPITA

Chilakolako cha kukwera m'mwamba chilili, osayamba wathamanga pansi, nchakale ndithu. Ana a ku China anali nako kachidole ka nsungwi ka mapiko awiri, kamene akakapota pakati pa zikhato, monga makolo athu ankapekera moto, kanali kuuluka kokha. Zaka zoposa 500 zapitazo Leonardo da Vinci wa ku Italy analemba chithunzi cha makina a phiko lopotana, koma sanawapange. Dzina lakuti helikopita analipeka Mfalansa wina, Gustave de Ponton d'Amécourt, m'chaka cha 1861, polumikiza mau awiri a Chigriki, lina lonena za kupotana, lina lonena za phiko.

Abale awiri a banja la Wright anaulutsa ndege yao ya mapiko oima ku America m'chaka cha 1903. Patapita zaka zinai, mu 1907, Paul Cornu, wopanga njinga wa ku France, anayesa makina a mapiko ozungulira, koma sanapite nao patali. Chovuta chinali ichi: makina otere akamapita kutsogolo, phiko limene lilikuzungulira cha kutsogolo likumana ndi mphepo yambiri koposa linzake lobwerera m'mbuyo, ndipo makina onse apendekera mbali imodzi nagubuduka. Amene anamasula mfundo iyi ndiye Juan de la Cierva wa ku Spain, m'chaka cha 1923. Iye anamangirira phiko lililonse pa cholumikizira chonga cha chitseko, kuti lithe kukwera ndi kutsika lokha pozungulira; ndipo nzeru yakeyo inatsegulira njira onse odza pambuyo pake.

M'chaka cha 1936 Henrich Focke wa ku Germany anatulutsa helikopita yomvera woiyendetsa, ndipo mu 1938 mkazi wina, dzina lake Hanna Reitsch, anaiulutsa m'kati mwa nyumba yaikulu ya misonkhano ku Berlin, khamu la anthu lilikupenya. Koma maonekedwe amene ife tiwadziwa, a mapiko aakulu pamwamba ndi timapiko tating'ono ku mchira, anawakhazikitsa Igor Sikorsky, wobadwira ku Kiev m'chaka cha 1889, amene anasamukira ku America mu 1919. Helikopita yake yotchedwa VS-300 inadzuka pansi koyamba pa 14 September 1939.

Kodi timapiko ta ku mchira ntanji? Injini ikamazungulitsa mapiko aakulu mbali imodzi, thupi la helikopita lifuna kuzungulira mbali inayo, monga bwato lipotoloka munthu akapalasa dzanja limodzi lokha. Tsono timapiko tija tikankha mchira kuti thupi lilunjike. Woyendetsa ali nazo ndodo ziwiri ndi zopondera ziwiri. Akakweza ndodo ya ku dzanja lamanzere, mapiko onse agwira mphepo yambiri, ndipo helikopita ikwera. Akakankha ndodo ya pakati pa maondo, ipendekera kumene iye afuna kunka. Ndi mapazi aongolera mchira. Chifukwa chake ikhoza kuima m'malere monga tombolombo, ndi kutera pa bwalo la sukulu kapena pa chilumba chaching'ono.

Ntchito yake yopulumutsa anthu inaoneka msanga. M'mwezi wa April 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, msilikali wa ku America, Carter Harman, anatulutsa anthu anai m'nkhalango ya ku Burma ndi helikopita ya Sikorsky, atatu a iwo ali olasidwa. Chaka chomwecho asilikali a kwathu kuno a King's African Rifles analikumenya nkhondo m'dziko lomwelo. Ndiponso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 asilikali a ku Nyasaland anatumidwa ku Malaya, kumene Angerezi ankanyamula ovulala ndi mahelikopita otchedwa Dragonfly, ndilo dzina la tombolombo m'Chingerezi. M'chaka cha 1946 helikopita ya Bell 47 inalandira chilolezo choyamba cha kugwira ntchito za anthu wamba, ndipo mu 1955 Afalansa anaulutsa Alouette II, ya injini ya mtundu watsopano, yopepuka koma yamphamvu.

DZINA NDI NAMBALA

Kuti timvetse ntchito ya olemba kaundula, tiyenera kudziwa kuti ndege iliyonse ili ndi maina awiri. Loyamba ndilo la boma. M'chaka cha 1919 maiko anapangana ku Paris kuti ndege ya anthu wamba ikhale ndi malemba pa thupi lake oonetsa dziko lake, ndipo pangano la ku Chicago la chaka cha 1944 linalimbitsa lamulo lomweli. Chotero ndege za ku Malawi ziyamba ndi 7Q, za ku Zambia 9J, za ku Mozambique C9, za ku Tanzania 5H, za ku Kenya 5Y, zambiri za ku South Africa ZS, za ku Mangalande G, ndi za ku America N. M'masiku a Chitaganya ndege za kuno zinkalembedwa VP-Y. Ndege za asilikali zili nazo nambala zaozao, zimene gulu lililonse la nkhondo lidziikira lokha.

Koma dzina ili silikhalitsa. Helikopita ikagulitsidwa kunja, malemba akale afafanizidwa, napakidwa ena, ndi utoto womwe usintha. Ndipo helikopita imodzi ikhoza kukhala ndi maina asanu kapena oposa pa moyo wake. Chifukwa chake pali dzina lachiwiri, ndilo nambala imene opanga aidinda pa kachitsulo nakakhomera pa thupi lake tsiku loimanga. Nambala imeneyi sisintha kufikira makina atatha. Kale anthu athu opita ku Halale ndi ku Joni ankatenga dzina lachilendo pa ntchito iliyonse, koma mbale wao akakomana nao anali kuwazindikira ndi mphini za pankhope. Momwemo wolemba kaundula safulumira kukhulupirira utoto. Afuna nambala ya pa kachitsulo, pakuti ndiyo imuuza kuti helikopita yoyera imene ili kuno lero ndi yomwe ija yofiira inali kwina zaka khumi zapitazo.

OYANG'ANA KUMWAMBA

Ntchito ya kuyang'ana ndege ndi kuzilemba inakula chifukwa cha nkhondo. M'chaka cha 1925 boma la Mangalande linakhazikitsa gulu lotchedwa Observer Corps, la anthu wamba odzipereka, kuti azikhala pa zitunda ndi pa madenga, ndi kudziwitsa akulu a nkhondo za ndege iliyonse yopita. Mu 1940, pamene ndege za Ajeremani zinkaponya mabomba pa mizinda ya dzikolo, makina a radar ankaona adani akali pa nyanja. Koma akalowa kumtunda, anali maso a anthu awa amene ankawatsata. Chaka chotsatira mfumu George VI inalemekeza gululo polionjezera dzina lakuti Royal.

M'masiku amenewo kuzindikira ndege kunali nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo ana a sukulu omwe anaphunzira kusiyanitsa ya adani ndi ya kwao poona mthunzi wake wokha. Panatuluka ngakhale nyuzi ya nkhani zimenezi, The Aeroplane Spotter, kuyambira 1941 kufikira 1948. Nkhondo itatha chizolowezi chinatsala. M'chaka cha 1948 okonda ndege anayambitsa bungwe la Air-Britain, kuti zimene yense analemba m'kabuku kake zisonkhanitsidwe pamodzi. Mmodzi ankakhala pafupi ndi bwalo la ndege nalemba zotera ndi zonyamuka. Wina ankapita ku ofesi za boma kukakopera mabuku. Wina ankalembera kalata opanga ndege kupempha mndandanda wa nambala zao. Makalata ankayenda pa positi masabata ndi miyezi, ndipo pomaliza pake panatuluka mabuku okhuthala onena za ndege iliyonse ya mtundu wakutiwakuti, amene anaigula, ndi kumene inathera.

Anthu awa sanali akulu a boma kapena ophunzira a m'masukulu apamwamba. Ambiri anali akalaliki, amisiri, aphunzitsi ndi opuma pa ntchito. Komatu anadziwa chimene makolo athu ananena, kuti mutu umodzi susenza denga. Pakuti palibe munthu mmodzi angathe kuima pa mabwalo onse a ndege tsiku limodzi.

KAUNDULA WA PA INTANETI

Buku losindikizidwa lili ndi chilema chimodzi: tsiku limene lituluka, layamba kale kukalamba, popeza ndege zigulitsidwa, zigwa, ndi zina zipangidwa mwezi ndi mwezi. Pamene intaneti inafala m'zaka za m'ma 1990, chilema ichi chinapeza mankhwala, pakuti kaundula wosungidwa m'kompyuta akhoza kukonzedwa tsiku lililonse, ndipo munthu wa ku dziko lililonse akhoza kumwerenga ndi kuonjezerapo. M'chaka cha 1996 Harro Ranter wa ku Netherlands anayambitsa Aviation Safety Network, kaundula wa ngozi za ndege, amene mbali yake ina ilembedwa ndi anthu odzipereka. Mu 1997 panayambika Helis.com, wosunga mbiri ya mahelikopita. Ndipo mu 2006 anthu awiri a ku Sweden anayamba Flightradar24, imene idalira anthu zikwizikwi oimika kamlongoti pa denga la nyumba yao, kakumva mau a wailesi amene ndege zitumiza zilikuuluka. Mau onsewo akasonkhana, pa mapu paoneka pamene ndege ili.

Tiyerekeze m'mene tsamba la helikopita imodzi lidzalira. Munthu wa ku France ali ndi mndandanda wa opanga, ndipo alemba nambala ya pa kachitsulo ndi chaka chimene inamangidwa. Wina wa ku Germany apeza chithunzi chakale choionetsa ilikunyamula odwala, natumiza pamodzi ndi tsiku lake. Wachitatu, wa ku South Africa, aiona m'nyumba yokonzera ndege atayipaka utoto wina, nawerenga kachitsulo kaja. Wachinai aiona itatera pa bwalo lina kuno ku Africa ndi malemba atsopano. Palibe mmodzi wa anai awa adziwana ndi mnzake, ndipo palibe mmodzi adziwa nkhani yonse. Koma wosunga kaundula alumikiza zidutswa zinaizo monga mkazi asoka zigamba, ndipo moyo wonse wa helikopitayo uoneka pa tsamba limodzi.

Ntchito yotere ili ndi malamulo ake, ndipo akasiyidwa kaundula asanduka dzala. Wotumiza nkhani anene chimene anaona, malo ake, ndi tsiku lake. Asiyanitse choona ndi maso ndi chongomva kwa ena, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Wosunga kaundula asalandire chinthu chachikulu pa umboni wa munthu mmodzi, koma afune chithunzi kapena mboni yachiwiri. Ndipo cholakwa chikapezeka chikonzedwe poyera, osabisa. Chifukwa nambala imodzi yolakwika ikalowa m'buku limodzi, mabuku ena khumi aitengera, ndipo pakapita zaka anthu ayamba kusakasaka helikopita imene sinapangidwe konse.

Owerenga athu asayese kuti kulemba kwa manja ambiri kotere nkwachilendo kwathu kuno. David Clement Scott wa ku Blantyre sakadatha kutulutsa buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892 popanda eni chinenero omuuza mau ndi matanthauzo ake. Ndipo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 atamva kwa akuluakulu a m'midzi yambiri, nayerekeza mau a uyu ndi a uyo. Njira yake ndi yomweyi; chasintha nchakuti kale ankayenda pa njinga, lero mau ayenda pa intaneti.

ZA KWATHU KUNO

Ndege zonyamula anthu zinayamba kuyenda mokhazikika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, pamene kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, yoyambika mu 1933, inkatera ku Chileka. Mu 1946 panabadwa Central African Airways. M'zaka za 1949 ndi 1950 ndege zazikulu za BOAC zotera pa madzi zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa Mangalande ndi Johannesburg. Air Malawi inayamba m'chaka cha ufulu, 1964, nitha mu 2013. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, bwalo lakale la ndege la pa msewu wa ku Mchinji linachepa, ndipo mu 1983 linatsegulidwa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Area 25 ndi Mgona. Bwalo lakale lija linatsala m'manja mwa asilikali, ndipo ndicho chifukwa chake dera limenelo litchedwa Airwing.

Gulu la asilikali a ndege linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la dziko la Germany, kumene kunachokera ndege za Dornier. Koma mahelikopita ake anachokera ku France, ndiwo a mitundu ya Alouette III, Puma ndi Ecureuil.

Anthu ambiri a m'dziko muno anaidziwa helikopita pa tsiku la tsoka. M'chaka cha 2000, madzi atamiza chigwa cha Limpopo ku Mozambique, mkazi wina anabala mwana ali mu mtengo pafupi ndi Chibuto, ndipo helikopita ya asilikali a ku South Africa inawatenga onse awiri amoyo. M'mwezi wa January 2015 madzi anasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, boma linalengeza za tsoka m'maboma 15, ndipo ku malo onga Makhanga, kumene misewu inaduka, anthu ndi chakudya ankayenda pa mabwato ndi pa mahelikopita. Zinateronso mu March 2019 pa namondwe wa Idai. Ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, napha anthu oposa 1,000. Pamenepo dziko la Tanzania linatumiza mahelikopita kudzathandiza, kuti ufa ndi mankhwala zifike ku midzi imene galimoto siikadafikako.

Agwiranso ntchito zina. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri kunka nazo ku nkhalango ya Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kunka ku Kasungu. Pa ntchito imeneyi helikopita ndiyo inkakusa banja lonse la njovu kulitulutsa poyera, ndipo dokotala wa nyama ankazibaya mankhwala ogonetsa ali m'mwamba. Tsono masiku ano kwabadwa tiana ta helikopita, topanda munthu m'kati, totchedwa madroni. M'mwezi wa March 2016 kadroni kanayesedwa mu Lilongwe momwe muno, kuuluka mtunda wa makilomita 10 kuchokera ku chipatala chaching'ono kunka ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, pofuna kuona ngati kangafulumize kuyeza magazi a makanda. Mu 2017 ku Kasungu kunapatulidwa dera loyesera madroni, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata kuwapanga ndi kuwaulutsa.

Taonani tsono kuchuluka kwa mbiri imene ili pano. Koma olemba kaundula ambiri akhala ku Ulaya ndi ku America. Iwo akhoza kudziwa chaka chimene Puma inamangidwa ndi dziko limene linaigula. Koma kuti inatera pa sukulu iti ku Nsanje, inanyamula anthu angati, ndipo inaleka liti kuuluka, zimenezo azidziwa ndi eni dziko.

KODI KAUNDULA APINDULANJI?

Pa 4 April 1974 ndege ya mtundu wa DC-4 ya a Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana. Anafa anthu 78, ndipo oposa 70 a iwo anali Amalawi obwerera kwao kuchokera ku migodi. Ofufuza anapeza kuti mafuta ake anasakanizika ndi mafuta a mtundu wina osayenera injini zake. Chifukwa cha ngozi iyi Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo moyo wa mabanja zikwi zambiri unasintha. Lero mdzukulu wa mmodzi wa akufa aja akafuna kudziwa chimene chinachitikira agogo ake, apeza tsiku, malo, mtundu wa ndege ndi chifukwa cha ngozi m'kaundula wa ngozi za ndege, popeza panali anthu amene sanalole kuti ziiwalike.

Ndiponso tonse tikumbukira tsiku la 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inanyamuka ku bwalo la Kamuzu kunka ku Mzuzu, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anafa anthu 9, mmodzi wa iwo ndiye wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Klaus Chilima. Masiku omwewo olemba nyuzi a maiko akutali anatha kunena kuti ndegeyo inaperekedwa kwa asilikali athu m'chaka cha 1988, pakuti anachipeza cholembedwa kale kwa osunga mbiri za ndege. Pambuyo pake akatswiri a ku Germany, kwao kwa ndegeyo, anadzafufuza, ndipo mwa zina ananena kuti munalibe makina osunga mau a oyendetsa ndi mayendedwe a ndege.

Apa tiphunzira kuti pa tsiku la chisoni mphekesera zithamanga, ndipo chokha chimene chingaime pamaso pao ndi cholembedwa kale, anthu asanayambe kukangana. Kaundula wa okonda ndege salowa m'malo mwa mabuku a boma, kapena mwa buku la amisiri lowerenga maora amene chitsulo chilichonse chagwira ntchito. Koma apatsa munthu wamba poyambira kufunsa mwanzeru: Kodi ndege zathu nzingati? Nza zaka zingati? Kodi madzi akadzasefukiranso, tidzakhala nazo zotipulumutsa, kapena tidzadikira za anansi? Mafunso awa ndi oyenera kwa anthu okhoma msonkho, ndipo ayankhika bwino pamene pali nambala ndi zaka.

CHENJEZO NDI PEMPHO

Komabe pakhale kusamala. M'mwezi wa November 2001 Angerezi 12 ndi anthu awiri a ku Netherlands anagwidwa ku Kalamata, m'dziko la Greece, chifukwa cha kulemba nambala za ndege za nkhondo. Anaimbidwa mlandu wa ukazitape, ndipo anamasuka kotheratu patapita chaka, bwalo lalikulu litaona kuti anali okonda ndege chabe. Kwathu kunonso malo a asilikali ngotetezedwa ndi lamulo. Mnyamata asakwere mpanda, asajambule pa malo oletsedwa, ndipo asaulutse za maulendo a asilikali amene ali pa ntchito. Mbiri sifuna kuba. Ipemphedwa pakhomo, ndi ulemu.

Ndipo zambiri zofunika sizili kuseri kwa mpanda ai. M'nyumba za ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 mukhala madoda amene anali asilikali, amisiri okonza injini, othira mafuta ndi olembera pa mabwalo a ndege. Mulinso amai amene anali anamwino olandira ovulala. M'midzi ya ku chigwa cha Shire muli aphunzitsi amene anaona helikopita ikutera pa bwalo la sukulu yao, ndipo tsikulo analilemba m'buku la sukulu. M'masutikesi muli zithunzi zimene chiswe ndi chinyontho zilikudya. Chaka ndi chaka ena a mboni zimenezi atisiya, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chifukwa chake tipempha owerenga athu zinthu zitatu. Amene ali ndi chithunzi chakale cha ndege kapena helikopita alembe kuseri kwake malo, chaka, ndi malemba amene aoneka pa thupi lake. Achinyamata okhala ndi foni akhale pansi ndi akulu ao, awafunse modekha, alembe mau ao monga anenera, osakometsera, ndi kuonetsa bwino pamene mkuluyo anaona yekha ndi pamene anangomva. Ndipo zolembedwazo zisathere m'nyumba: zina zitumizidwe kwa osunga kaundula a pa intaneti, zina ku nyumba yosungira zolembedwa za dziko ku Zomba, imene inayamba m'chaka cha 1947, kapena ku Society of Malawi, yoyambika mu 1946, imene isunga mabuku ake ku Mandala, mu Blantyre.

Wokhala ndi kanthu kakang'ono asakapeputse. Chaka chimodzi cholondola, kapena nambala imodzi yowerengedwa bwino, ikhoza kukhala chigamba chimene wosunga kaundula wachisowa zaka makumi awiri. Tiyeni tilembe zoona, tilembe akulu athu akali nafe, kuti ana a ana athu pofuna kudziwa za makina amene anatulutsa makolo ao m'madzi, adzapeze mbiriyo italembedwa ndi anthu a kwao.